Chifalansa cha pa Mkono

4 Febuluwale

Amake Kadona,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi mwana, ndi amayi. Ine ndili bwino, kupatula chala chomwe chinapsa Lachiwiri, koma chapola, musayambe kudandaula. Kalata yanu yafika pamodzi ndi chithunzi. Mwanayo mphumi ndi yanga, palibe mlandu. Koma diresi lalikulu choncho mwamuveka kuti afike nalo ku ukwati wake?

Mwafunsanso funso lanu lija, kuti ndibwera liti. Ndikuyankheni mosapita m'mbali, paja mukundidziwa, mawu sindikulunga. Pemiti yomwe ndili nayo, chikalata chondilola kukhala ndi kugwira ntchito kuno, ndi yaing'ono. Nditatuluka nayo m'dziko muno sangandilolenso kulowa. N'chifukwa chake zaka ziwiri ndi theka zatha mwana wanga ndikungomudziwa papepala. Pemitiyi ikutha pa 30 Juni. Yaikulu, ya zaka zinayi, yomwe munthu amapita nayo kwawo n'kubwereranso pantchito, amapatsa okhawo amene akhoza mayeso a Chifalansa. Ndalembetsa kale, mayeso ali pa 9 Meyi. Ndikakhoza, mu Ogasiti mundiona pakhomo. Za kulephera tisatayirepo inki.

Chifalansa cha pantchito ndimachidziwa: nyamula, dula, gwira apa, choka pamenepo, ndi mayina ena amene Folomani wathu amatiitana nawo, osayenera kulembedwa m'kalata yopita kwa mayi wa mwana. Koma akuti pamayeso pakufunika cholemba. Ndiye ndagula buku kwa munthu wina woyala mabuku akale pansi pa mlatho wa sitima. Chikuto chinachoka kalekale, mapepala ndi achikasu, akununkha ngati chipinda chomwe sichinatsegulidwe chaka chonse, koma muli zonse. Mtengo wake ngati wa buledi muwiri. Kuwotcherera sindinaphunzire kusukulu, ndinaphunzira ndi maso ndi mabala. Ichinso ndichita chimodzimodzi.

Mdala uja ndimagona naye chipinda chimodzi, mlonda wa poimika magalimoto, akuti ndikungodzivuta. Akuti iye watha zaka khumi ndi chimodzi kuno wopanda pepala lililonse ndipo akudya. Ndinamufunsa ngati kumaliro a mkazi wake anapitako. Anangotenga thawulo n'kutuluka. Ndinadziwa kuti ndalakwa, koma mawu anali atatuluka kale, ndipo ndi oona.

Malata aja musawaike pansi, achita dzimbiri. Muwasanje pa njerwa. Alamu anga muwauze kuti wilibala ndinawabwereka, sindinawapatse.

Ndine,
Bambo a Kadona

1 Malichi

Amake Kadona,

Moni kwa inu ndi onse pakhomo. Ndasangalala kumva kuti chifuwa cha mwana chatha. Ine thupi lili bwinobwino.

Mwati ndisadzidalire ndekha, ndipeze wondiphunzitsa. Ndamvera, kuti musamati mwamuna wanu ndi wamakani. Loweruka masana kuli sukulu yaulere m'chipinda chapansi pa nyumba yowerengeramo mabuku. Tilipo khumi ndi awiri: oyeretsa m'maofesi, otsuka mbale, mayi wina wosoka, ndi ine. Timakhala pa timipando ta ana, mawondo kufika kuchibwano. Wotiphunzitsa ndi mayi wachikulire, anapuma pa uphunzitsi. Ife timangoti Amagalasi, chifukwa ali ndi magalasi awiri, ena pamphuno ena pamutu, ndipo sabata iliyonse amafunafuna onse awiri. Si munthu woipa. Koma akutiphunzitsa kugula tomato, kufunsa njira, kuuza dokotala kuti m'mimba mukupweteka. Ndinawauza kuti mayi, tomato ndakhala ndikugula zaka ziwiri ndipo palibe anandipatsapo anyezi.

Buku langa lili patsogolo kwambiri. Chinenero chawochi n'chokhota, amake mwana. Ife tikafuna kusintha mawu timasintha kumutu: ndiwotcherera, uwotcherera, tiwotcherera. Iwo amasintha kumchira, ndipo michirayo ndi yambiri kuposa makoswe a m'nyumba yomwe tikukhalayi. Ndadutsa yonse mpaka tsamba 212. Pamenepo pali chinthu chotchedwa subjonctif imparfait. Bukuli likuti ndi kanenedwe ka zinthu zimene kale munthu ankafuna kapena ankayenera kuti achite. Ndatenga mawu a ntchito yanga, souder, ndiye kuwotchererako, ndawalowetsa m'menemo. Tamverani: que je soudasse, que tu soudasses, qu'il soudât, que nous soudassions. Muwerenge mokweza, amayi aseke. Ine ndikamatchula ndimamveka ngati tayala likuphwa.

Koma ndawatulukira. Chinthu chomwe abisa kumapeto kwa buku ndiye chomwe amakolera anthu pamayeso. Anthu a m'maofesi ndi mmene alili kulikonse.

Nthawi yokhala pansi ndi buku ilibe, ndiye ndapeza njira. Pantchito pathu pepala silikhalitsa. Mbaliwali zimaliboola, kapena limauluka ndi mphepo ya gulayinda. Choncho tonse miyeso ya mageti ndi mawindo timalemba pamkono wamanzere ndi cholembera chakuda chija cholembera pa zitsulo. Ukapinda mkono wa ovolosi, nambala ili pomwepo. Ine ndawonjezera: kumtunda miyeso, kumunsi Chifalansa. M'mawa uliwonse mawu amodzi ndi michira yake isanu ndi umodzi. Chitsulo chikamazizira, ine maso pamkono.

Chitseko chomwe mwati chikukhula pansi musaitanire kalipentala wa kumsika uja, amadula zosafunika kudula. Muzichinyamula pang'ono potsegula. Ndidzachikonza ndekha mu Ogasiti.

Ndine,
Bambo a Kadona

23 Malichi

Amake Kadona,

Muli bwanji nonse? Amayi miyendo ija ikuwalola kuyenda? Ine ndilipo. Mutu unandivuta masiku awiri, koma ndi utsi wa pantchito chabe.

Kuno ndapatsidwa dzina. Lachinayi Folomani anandifunsa chifukwa chomwe sindinamalize chogwirira cha pakhonde la anthu ena. Ndinati lero ndimuonetse kuti nanenso ndine munthu. Ndinavula chigoba chakumaso, n'kumuyankha ngati mmene bukuli likunenera: il fallait que je soudasse l'autre d'abord, kutanthauza kuti panafunika ndiyambe ndawotcherera chinacho. Wa gulayinda anazimitsa gulayinda. Kenako Folomani anavula chipewa, n'kuwerama mpaka pansi, akuti pepani bwana nduna, sitinadziwe kuti muli pakati pathu. Malo onse anagwa ndi phwete. Wopenta anachita kukhala pa chitini cha penti, misozi ili chuchuchu. Kuyambira tsiku limenelo palibe akunditchula china, ndine Sudasi.

Nyundo yomwe inali m'manja mwanga inapita komwe siinayenera kupita. Palibe anavulala, inamenya diramu. Folomani analemba kenakake m'kabuku kake. Zatha zimenezo.

Mdala, amene tsopano tikulankhulana, akuti a pantchitowo akuseka chifukwa iwo eni ake sakuchidziwa. Nanenso ndikuona choncho. Chinenero n'chawo, koma tsamba 212 sanafikepo.

Loweruka lina ndinawafunsa Amagalasi, buku lili m'manja. Analitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa komwe ndinalitola. Akuti zolembedwazo ndi zoona, sindinalakwitse ngakhale mchira umodzi, koma palibe munthu wamoyo amene amalankhula choncho, ndi za m'mabuku a makedzana. Akuti pamayeso athu sizibwera, ndizisiye, ndilimbikire kulemba kalata yopempha tchuthi ndi yodandaula za mpopi wothonya. Ananena akumwetulira, pamaso pa otsuka mbale onse. Ndinawafunsa ngati mwana wawo wobereka akanamuuza kuti zovuta azisiye, azingophunzira za tomato. Tinalankhulana mawu ena angapo. Loweruka lapitali sindinapiteko, kunali ntchito.

Nsapato za mwana ndapatsira dalaivala wa thiraki uja amabwera kumeneko. Ndinayeza ndi chala pa chithunzi, ndiye zikakhala zazikulu musandiseke, azivala ndi diresi lija.

Ndine,
Bambo a Kadona

20 Epulo

Amake Kadona,

Moni. Ndikuthokoza kuti nonse muli bwino. Inenso ndili bwino.

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko ndili chiimire. Mwati mwadziwa kuti kusukulu ndasiya, ndipo ndipite ndikapepese. Inde ndasiya, sindikubisirani. Kupepesa ayi. Amagalasi ndinawauza kuti amationa ngati anthu oyenera kudziwa mawu okwanira kunyamulira katundu basi, ndipo kuti sukulu yawoyo ndi yotiweta. Mwina liwu linakwera. Mwina kampando kanagwa potuluka. Koma tandiuzani bodza lili pati pamenepo.

Mwatinso mwana akutchula alamu anga kuti ababa. Mwalemba ngati nthabwala. Ine sindinaseke. Muzimuonetsa chithunzi chija ndili ndi chipewa, m'mawa ndi madzulo ngati mankhwala.

Kuntchito kwatentha. Talandira ntchito ya masitepe achitsulo a nyumba ya nsanjika zisanu, ndipo eni ake akuwafuna pa 10 Meyi, tsiku lotsatana ndi mayeso anga. Ndinapempha Folomani kuti pa 9 andipatse tsiku lonse. Anatsegula kabuku kake kaja, n'kundionetsa tsamba la nyundo, akuti munthu woponya zida sapempha tsiku, amapempha chikhululuko. Wandilola kuweruka 12 koloko. Mayeso akuyamba 2 koloko, ndipo kukafika kumeneko ndi mabasi awiri. Ndikwanitsa. Ndinameza mawu, amake mwana, mukanandiona mukanandinyadira.

Sabata yatha apolisi anatseka zipata zonse za pa siteshoni ya basi, kufunsa mapepala. Mdala anawaonera patali akuchokera kuntchito m'mawa. Analowa m'chimbudzi cholipira, n'kukhalamo mpaka masana. Anafika kuno atayenda wapansi, milomo ili gwa, ndipo ndinamupatsa kapu ya madzi. Munthu wa imvi, wa zidzukulu, kubisala m'chimbudzi ngati wakuba nkhuku. Ataona kuti ndikumuyang'ana anati, "Mphwanga, zimazolowereka." Sindinamuyankhe. Mwaona, nthawi zina ndimatha kukhala chete.

Tsamba 212 ndi 213 tsopano ndikuwadziwa ngati dzanja langa. Mawu awiri, être ndi avoir, omwe ndi ovuta kuposa onse, ndawagonjetsa: que je fusse, que j'eusse. Mkono wada bii, sopo sakuchotsanso bwinobwino, zatsopano ndikulemba pamwamba pa zakale. A mayesowo abwere nazo.

Chimanga musagulitse msanga, ngakhale akunyengerereni bwanji. Mundipempherere pa 9, 2 koloko.

Ndine,
Bambo a Kadona

11 Meyi

Amake Kadona,

Moni nonse. Ine ndili moyo.

Mayeso anachitika. Masitepe tinapereka dzulo, eni ake akondwa.

Malata aja musayambe mwaitana okhoma. Adikire kaye. Amayi musawauze tsiku lililonse la kubwera kwanga, ngati munawauza kale za Ogasiti muzingoti zikuonedwa.

Dzanja lamanja latupa pang'ono, n'chifukwa chake sindilemba zambiri. Si moto.

Mwana mumupsompsone.

Bambo a Kadona

26 Meyi

Amake Kadona,

Ndikhulupirira muli bwino ndi mwana. Dzanja laphwa. Kalata yanu yafika, ya mizere itatu, ndipo mzere wachitatu mwati munthu amene amadzitama kuti sakulunga mawu wakutumizirani kalata yokulungidwa ngati kabichi. Mwanena zoona. Nazi zonse.

Tsiku lija ndinaweruka 12 koloko itapitirira kale, chifukwa chitsulo chomaliza chinakana kulowa. Ndinasamba kumaso ndi m'manja pa mpopi wa kuseri, ndinavala malaya oyera a manja aatali aja munandisitira pochoka, n'kuthamangira basi. Ndinafika kutatsala mphindi zisanu. Chipinda chachikulu, matebulo m'mizere, mawindo otseka, anthu ngati makumi asanu. Zikwama ndi mafoni anatilanda pakhomo. Anawerenga malamulo, koma mtima unali ukugunda m'makutu, sindinamve onse.

Pepala litabwera ndinaliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo. Funso loyamba, lembani kalata kwa mwini nyumba kuti mpopi ukuthonya. Lachiwiri, pemphani tchuthi kwa bwana wanu. Za tsamba 212 panalibe ngakhale kamchira kamodzi. Musanene kanthu, ndikudziwa.

Komabe ndinayamba kulemba, ndipo zinkayenda. Mpopi wathu wakhala ukuthonya chaka chonse, mawu ndinali nawo ambiri. M'chipindamo munkatentha, thukuta linayamba kudontha papepala. Ndiye ndinachita chomwe ndimachita kakhumi patsiku osaganiza. Ndinapinda manja a malaya.

Woyang'anira mayeso, bambo woonda wa tayi, anaima pambali panga. Ndinaganiza kuti akusirira kalembedwe. Anandigwira mkono n'kuutembenuza. Pamenepo panali miyeso ya masitepe ya m'mawa womwewo, ndipo pansi pake Chifalansa mizere isanu ndi umodzi, chakuda bii, china cha dzulo, china cha dzana chikuonekera pansi. Anatenga pepala langa n'kulembapo mzere wofiira kuchokera pakona mpaka pakona. Ananena liwu limodzi, mokweza, kuti onse amve. Tanthauzo lake ndi wakuba mayeso.

Amake mwana, ine ndakhalapo wamwano, ndakhalapo waukali, koma chiyambire sindinabepo ngakhale msomali. Ndinayesa kufotokoza. Chifalansa chonse chinathawa, cha m'buku ndi cha pantchito chomwe, munatsala mayina aja a Folomani okha. Ndinawagwiritsa ntchito. Tebulo ndinalimenya kamodzi, ndiye dzanja lija. Alonda awiri anandiperekeza mpaka pamsewu, atajambula mkono wanga.

Kalata yawo yabwera. Akuti wopezeka akubera saloledwa kulembanso kwa zaka ziwiri. Akuti ngati ndikukana, ndikaonekere pamaso pa akuluakulu a mayeso pa 12 Juni, ndipo nditha kubwera ndi mboni.

Loweruka ndinapita kuchipinda chapansi chija. Ndinadikira panja mpaka onse atatuluka. Amagalasi anali akupukuta bolodi. Ndinali nditakonza mawu opepesa m'njira monse, koma nditalowa ndinangopinda malaya n'kuwaonetsa mkono, zolembazo zikuonekabe mwa apo ndi apo. Anatsitsa magalasi a pamutu, kuwavala pamwamba pa enawo, n'kuwerenga mpaka pachigongono. Anati, "Palibe cholakwika ngakhale chimodzi. Ndiwe chitsiru, koma sunalakwitse." Ndinati inde mayi. Ndi koyamba kuvomera dzina limenelo. Kenako ndinapepesa za kampando, ndi zinazo. Anati za kuweta zija zinawapweteka sabata yathunthu, chifukwa pang'ono pokha zinali zoona. Abwera pa 12.

Folomani sindinamupemphe. Ndinangomuuza kuti pa 12 sindibwera kuntchito, alembe m'kabuku kake ngati akufuna. Anafunsa chifukwa, ndinamuuza. Sanaseke. Anangoyang'ana mkono wake.

Kwatsala masabata asanu kuti pemiti ithe. Musagulitse kanthu, musagule kanthu.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo a Kadona

17 Juni

Amake Kadona,

Moni kwa inu, kwa amayi, ndi kwa mwana. Ine ndili bwino ndithu, ndipo ulendo uno ndikunena zoona.

Pa 12 tinapita. Kachipinda kakang'ono ka pansanjika yachitatu, anthu atatu kuseri kwa tebulo, pakati pali mayi wa tsitsi loyera, ndiye wamkulu wawo. Bambo wa tayi uja anakhala pambali ndi chithunzi cha mkono wanga, atachikulitsa ngati kalendala. Amagalasi anabwera ndi mapepala a mayeso a zaka zisanu. Anawayala patebulo n'kuwauza kuti apeze funso limodzi lokha lomwe zolemba za pamkonozo zikanandithandiza. Anati wakuba amaba chomwe akuchifuna, ndipo munthu uyu ananyamula katundu yemwe iwo anamuuza okha kuti ndi wopanda ntchito, n'kuwagwetsera mpando chifukwa chomuuza. Za mpandozo akanatha kuzisiya.

Tili mkati chitseko chinatseguka. Folomani, ndi ovolosi yake, nsapato zikusiya mapazi akuda pa kapeti. Sanapereke moni. Anapinda mkono n'kuuika patebulo pamaso pa mayi uja, manambala ali mbwee mpaka pachigongono. Anati kwathu pepala limapsa, tonse timalemba apa, ndipo Sudasi ndi mutu wouma, woponya nyundo, koma m'zaka ziwiri ndi theka sanabisepo ngakhale malo amodzi omwe anawotcherera molakwika, amabwera kudzanena yekha. Atatero anafunsa ngati atha kupita, chifukwa wasiya anthu opanda wowayang'anira.

Akuluakuluwo anatitulutsa, tinadikira pabenchi. Atatiitananso mayi uja anandiyang'ana m'maso. Anati akundikhulupirira, ndipo dzina la wakuba alichotsa, chiletso cha zaka ziwiri palibe. Ndinayamba kupuma. Kenako anati koma lamulo limati cholembedwa chilichonse pathupi chimapha mayeso a tsiku limenelo, chithandize chisathandize, ndipo limenelo sangalisinthe. Ndilembenso ulendo wotsatira. Ndinafunsa kuti liti. Anati pa 12 Seputembala.

Ndinawauza kuti pemiti yanga ikutha pa 30 mwezi uno. Anati zimenezo ndi za ofesi ina. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwayankhe. Amagalasi anandiponda phazi. Ndinati zikomo, n'kutuluka.

Ku ofesi inayo tapitako kawiri, Amagalasi akundilankhulira. Yankho ndi limodzi: popanda chikalata cha mayeso, pemiti yaing'ono saiwonjezera kachitatu. Folomani akuti pa 1 Julayi sangandilole kugwira chitsulo, aboma angamutsekere malo. Sindikumuda, wachita zoposa zomwe zinandiyenera.

Mdala wandipezera njira yake. Kuli munthu wina kuseri kwa msika wa zitsulo zakale, amawotcherera m'bwalo la nyumba yake, safunsa mapepala. Akuti ndikhale, ndizigwira kumeneko, ndizipewa siteshoni, zaka zimathamanga. Ndalama zake si zoipa. Ndakhala nazo m'mutu masiku atatu, ndipo ndisakunamizeni, ndinatsala pang'ono kuvomera. Mukanamaliza nyumba. Mwana akanapita kusukulu yabwino. Koma pemiti ikangotha ndili muno, mayeso a Seputembala sandilolanso kulemba, ndipo tsiku lomwe ndidzatuluke ndi lomwelo lomwe adzanditsekere chitseko. Ndiye kuti ndizingoti chaka chamawa, chaka chamawa. Dzulo ndinamufunsa Mdala, mwaulemu ulendo uno, kuti mwana wake wotsiriza anamusiya ali ndi zaka zingati. Anati ziwiri. Ndinafunsa kuti amalemberana. Anati amamulembera akafuna fizi, ndipo kalata imayamba ndi mawu oti okondedwa bambo, ngati yopita ku ofesi.

Ndagula tikiti. Ndinyamuka pa 27, ndifika pa 30 masana ngati basi siifa panjira.

Tsopano mverani bwino. Anthu musawauze kuti ndikubwera kutchuthi. Ndikubwereratu. Akafunsa, muwauze kuti mayeso sanayende ndipo pemiti yatha. Alamu anga akafuna kuseka aseke tsiku loyamba lomwelo, amalize. Za kubwereranso kuno musawerengere, ndafunsa, mzere wake ndi wa zaka. Malata tili nawo akwana zipinda ziwiri, chachitatu chidikira. Mufunse kwa mwini galaja wa pamphambano ngati akufuna munthu wodziwa mageti ndi masitepe. Mumuuze kuti ndine waukali, asadzati sanamve.

Ndikudziwa kuti si zimene munadikirira zaka ziwiri ndi theka. Ngati muli ndi mawu, ndipo muli nawo, mudzandiuze pamaso, ndidzakhala pansi mpaka mumalize.

Kudepoti musabwere ndi gulu. Mubwere inu ndi mwana basi. Musamuuze kuti andithamangire kapena kuti anene ababa. Akabisala kumbuyo kwanu, musamukoke. Ndidzanyamula katundu, tizidzayenda, azidzandiyang'ana m'njira.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo a Kadona